Kachigamba ka Chitenje cha Amayi

Balbriggan, Dublin
2 May 2023

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Sandra ndi mwana wathu Julia. Amayi adzuka bwanji? Miyendo ija yaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti mvula ya kuno imagwa tsiku ndi tsiku ngati ili pa ganyu.

Kalatayi ndapatsira Bambo Norbert, wansembe wa kwathu amene akutumikira kuno ku Swords. Akubwera ku tchuthi ndipo adutsa pa Migowi. Ndalemba pa pepala dala kuti muwawerengere amayi pang'onopang'ono, poti pa foni netiweki imatidula mawu pakamwa.

Tsiku lija munandipatsa amayi pa foni, namondwe wa Freddy atangokokolola nyumba yawo, ndinkayesa alira malata kapena mbuzi. Iwo analira bulangete. Anati, "Bulangete langa la zigamba lapita, Prudence." Mawu amenewo sakundichoka m'makutu. Inu mukulidziwa kuposa ine, popeza munali ndi zaka 7 pamene napolo anagumula phiri la Michesi mu 1991, ine ndili kumsana. Amayi ankati a mpingo wa Lutheran anafika ku msasa ndi mabelo, banja lililonse n'kulandira bulangete limodzi losokedwa pamanja ndi tinsalu tamitundumitundu. Tonse takulira m'menemo. Linakhalapo chitseko, linakhalapo mphasa ya alendo, ndipo inu munalikodzera mpaka Sitandade 2, musakane.

Ku ntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba, kuli mayi wina wa zaka 86 dzina lake Hildegard, wobadwira ku Germany. Ndi wovuta kwabasi, tiyi amabweza katatu. Tsiku lina ndikumupesa ndinamuuza za bulangete la amayi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti iyenso ali mwana, nkhondo yaikulu itangotha, kwawo kuli mabwinja okhaokha, analandira lotero kuchokera kwa azimayi a Lutheran a ku America. Akuti ndi mmene ntchitoyi inayambira, kufunditsa azungu anzawo, kenako n'kufalikira maiko ena mpaka kutipeza ife ku Phalombe. Ndinaseka, achimwene. Kani azungu nawonso anaimapo pa mzere wolandira?

Iyeyo ndiye anandilozera kagulu ka azimayi a mpingo wawo amene amasoka Lachiwiri lililonse m'tauni. Musade nkhawa, Misa sindinasiye. Bulangete limodzi limadya tinsalu 48 tofanana, pakati amayalapo chofewa, kenako amamanga mfundo ndi ulusi wokhuthala kuti lisaphwasuke.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikufuna ndiwasokere amayi lina, koma ulendo uno likhale la anthu awo. Munditumizire kansalu kuchokera pa chovala cha aliyense: malaya anu akale, chitenje cha alamu, yunifolomu ya Julia, chitenje cha amayi. Ngati chilipo chovala cha malemu bambo chomwe chinatsala pogawa, dulaniponso. Chikhale choti munthuyo wachivaladi, osati chatsopano. Kukula kwake kukhale ngati pepala lino. Bambo Norbert adzanditengera pobwerera.

Ndaikamonso timathumba tinayi ta zomwe azimayiwa amalongedzera anthu ogweredwa ngozi: thaulo, sopo, mswachi, chipeso ndi chowengera zikhadabo. Aliyense kake, musalimbirane.

Tikiti ya Khirisimasi ndagula kale. Koyamba chichokereni, achimwene. Ndikufuna ndidzawafunditse ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Prudence


Migowi, Phalombe
27 May 2023

Prudence,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa mtima uli m'malo. Tonse tili moyo. Sindikudziwa ngati zimenezo zikukusangalatsa.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachitatu ndinakawawerengera malume a Useni. Iwo anangovula chipewa n'kuchiika pa bondo.

Iwe unabadwira kuno. Usandiuze kuti zaka 12 za ku Ulaya zakuiwalitsa kumene munthu wopempha kansalu ka chovala cha mnzake amakapita nako. Ukanati chitenje chatsopano, ndikanakagula pa msika tsiku lomwelo. Koma walemba ndi dzanja lako kuti "choti munthuyo wachivaladi." Ukufuna thukuta lathu. Mpaka cha malemu bambo, munthu woti anagona kale. Ngati zimenezo sizikukwana, watumizanso chipeso ndi chowengera zikhadabo, aliyense chake. Nsalu, tsitsi, zikhadabo. Chatsala n'chiyani, dothi la kuphazi?

Malume ananena poyera zomwe ine ndinkaopa kuziganiza. Zaka 11 unali wopanda mapepala. Bambo amwalira mu February chaka chatha, mapepala ako atuluka mu October. Pa maliro sunaoneke. Uli ndi zaka 34, mwamuna ulibe, mwana ulibe, koma zinthu zikungokuyendera. Anthu kuno ankanong'ona kale, ine ndinkakuikira kumbuyo mpaka kudana ndi anzanga. Lero wandichititsa manyazi. Mapepala wapeza, tsopano ukufuna chiyani, nyumba ya komweko? Nsembe akhale ndani ulendo uno? Julia?

Za mzungu wako wa ku Germany ndi mfundo zomanga Lachiwiri, ukauze ana. Bulangete la 1991 ndikulikumbuka, inde. Linachokera kwa anthu osatidziwa ngakhale dzina, osatisungira kanthu kumtima. Wokupha sachokera kutali, Prudence.

Amayi ndawauza zonse. Foni yanga usaimbenso kufuna iwo mpaka akuluakulu adzakhale pansi. Bambo Norbert abwerera chimanjamanja, ndipo sindinawauze chifukwa chake kuti ndikusungire ulemu wotsalawo.

Dunstan


Balbriggan
10 June 2023

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira mwagona bwino, poti mfiti yanu ili kutali.

Kalata yanu munaijambula n'kunditumizira pa foni, kenako munandibuloka ndisanayankhe. Ndinaiwerenga ndili m'basi yochokera ku ntchito, ndipo ndinapitirira siteji yanga osadziwa. Chibadwire sindinapsepo mtima chonchi.

Inu mphunzitsi wathunthu, wophunzitsa ana sayansi mu Sitandade 7, mwaona chowengera zikhadabo n'kuona ufiti? Chowengeracho chikanabwerera kuno ndi zikhadabo zanu pa ndege? Timathumba timeneto azimayiwa amatumiza kwa anthu osawadziwa, kumene kwagwa nkhondo kapena madzi osefukira. Onsewo akuwakhwimira?

Mwati mapepala. Chaka chomwecho boma la kuno linatsegula mwayi kwa anthu miyandamiyanda okhala ngati ine. Onsewo anapha abambo awo? Bambo anapita ndi BP yomwe ankakana kumwera mankhwala, ndipo wondidandaulira zimenezo munali inu. Pa maliro sindinabwere chifukwa ndikanangotuluka sakanandilola kubwerera. Anandiuza ndani kuti "khala komweko, ndiwe khasu lathu"? Si inu? Maliro a bambo anga ndinawaonera pa foni ndili m'chimbudzi cha ku ntchito, nditaluma thaulo kuti okalamba asandimve.

Kukhwima kwanga ndikuuzeni. Ndi shifiti ya maola 12, kutembenuza anthu olemera ngati matumba a feteleza, kupukuta zomwe ana awo obereka okha safuna kuziona. Ngati pali nsembe, ndi msana wangawu.

Za mwana ndiye mwalasa pomwe mumadziwa kuti pali bala. Opaleshoni ya 2018 ndinakuuzani inu nokha, pachibale, ndikulira. Lero mwakaiyala pa bondo la malume.

Kulakwa kwanga n'kumodzi, ndipo ndikuvomera. Ndinaiwala. Ndakhala pakati pa azimayi amene amadula malaya a amuna awo omwalira n'kusokera adzukulu zofunda, mpaka sindinaganize mmene mawu angawo angamvekere pa Migowi. Mukanandiimbira n'kunena kuti "mchemwali, izi kuno sizimveka bwino," ndikanadzigwira pakamwa n'kupepesa. Inu munathamangira kwa malume.

Tinsalu tanu khalani nato. Malaya anuwo muwavale mpaka aphulike. Ndikupempha chimodzi chokha: muwawerengere amayi kalata ino ndi yoyamba ija, amve mawu anga osati anu. Kenako mundipatse ndimve pakamwa pawo. Anthu onse a ku Phalombe anene zomwe akufuna, ine ndikufuna kudziwa zomwe akuganiza amayi anga. Akanena okha kuti anabereka mfiti, sindidzakuvutitsaninso.

Ndine mlongo wanu, mufune musafune,
Prudence


Balbriggan
6 August 2023

Okondedwa alamu a Sandra,

Muli bwanji ndi Julia? Kalatayi ndaitumiza kudzera kwa mnzanu wa pa okala uja kuti isagwere m'manja mwa amuna anu. Ngati ikuikani m'mavuto, ing'ambeni, sindikwiya.

Patha miyezi iwiri achimwene osandiyankha. Foni yanu nayonso siikulowa. Ndikudziwa kuti si inu, mkazi wa mwini ali ndi malire ake. Koma inu ndi amene mumawapatsa amayi madzi osamba, ndiye mukudziwa zomwe ine sindikudziwa. Makalata anga anawawerengera? Anati chiyani? Dzina langa amalitchula?

Bulangete ndikusokabe, mwina chifukwa cha mkwiyo. Ndadula mayunifolomu anga akale ndi chitenje chomwe ndinabwera nacho kuno. Azimayi a kagulu kaja anandisonkhera tinsalu tawo. Sindinawauze chifukwa chake a kwathu sanatumize kanthu, ndinangoti positi yavuta. Ndikanayambira pati? Hildegard anapereka epuloni yake, kenako anayang'ana msoko wanga n'kunena kuti wakhota ngati njira ya woledzera, ndiphwasule. Ndinaphwasula.

Tinsalu 47 talumikizidwa. Malo amodzi ndawasiya, ndipo azimayi aja akundinena kuti ndikuchedwetsa mfundo. Sindikudziwa chomwe ndikudikira.

Ndiyankheni, alamu, ngakhale mizere itatu.

Prudence


Migowi
3 September 2023

Alamu anga,

Moni wa chikondi. Ife tili bwino pang'ono, Julia wakhoza mayeso. Pepani zolemba zanga, ndikulembera pa thumba la makala ku okala.

Ndikuuzani zoona zokhazokha. Makalata anu sanawawerengere. Yoyamba ija anangowafotokozera m'mawu awo, malume ali pomwepo kuthira mchere. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anangoti, "Mwamaliza?" n'kutuluka kukakhala padzuwa. Yachiwiri achimwene anu anaiika m'Baibulo, ili momwemo mpaka lero. Nthawi zina ndimawaona akuitulutsa n'kuibwezeramo.

Timathumba tija malume anakataya m'chimbudzi tonse tinayi. Anabweretsanso munthu wopemphera kudzawaza madzi pakhomo. Sopo mmodzi ndinabisa, ndakhala ndikusambira, ndipo mpaka pano ndili moyo. Koma sindikubisirani, alamu, masiku oyamba inenso ndinkaopa. Tinakula tikumva zimenezi. Mayi anga omwe anandiuza kuti zovala za Julia ndisamayanike kunja.

Mwafunsa ngati amatchula dzina lanu. Ayi. Chiyambireni tsiku lija sanakutchuleni, kaya mwabwino kaya moipa. Ndinayesa kuwayamba tili awiri tikusankha nyemba, ndinati, "Amayi, a Prudence mwina sanaganize bwino chabe." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sankha nyemba, mwana wanga." Sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena chiyani. Mukuwadziwa mmene alili akatseka pakamwa.

Chondidetsa nkhawa ndi chifuwa. Chinayamba mu July ndi mphepo ija, ndipo sichikutha. Aonda. Kuchipatala anawapatsa mankhwala koma akungotsokomolabe. Malume ayamba kale kunena kuti "si izi tinkanena." Achimwene anu nawonso chakudya sakuchimaliza.

Musanditchule kuti ndakulemberani.

Mlamu wanu,
Sandra


Migowi
9 October 2023

Prudence,

Ndakutsegula pa foni kuti ulandire chithunzi cha kalatayi basi.

Amayi agonekedwa m'chipatala kuyambira Lachisanu. Sakulankhula, akupumira makina. Dzulo ndikuwalongedzera zovala ndinapeza chitenje chawo chobiriwira, chomwe anathawa nacho madzi, chili pansi penipeni pa chikwama. Pa ngodya n'chodulidwa. Si kung'ambika ayi, n'chodulidwa bwinobwino mbali zinayi, kukula kwake ngati pepala. Monga mmene unalembera.

Ndinakukaniza, iwe unapeza njira ina. Unatuma ndani? Sandra ndamufunsa mpaka walira, akulumbira kuti sakudziwa. Sindikudziwanso wokhulupirira m'nyumba mwanga momwe, ndipo wachititsa ndiwe.

Ndine mphunzitsi, inde, unandikumbutsa. Ndinayesetsa kuganiza kuti mwina ndinakulakwira. Kalata yako ija ndaiwerenga kambirimbiri. Koma chitenje chili m'manja mwangamu, ndipo amayi ali pa bedi. Undiuze sayansi yake.

Bweza kansaluko. Ngati mwa iwe mwatsala kanthu ka mwana wa a Magdalene, kabweze lero, patsira aliyense. Iweyo usabwere. Malume anena kuti ukaponda pakhomo pano sayankha za chomwe chidzachitike.

Dunstan


Migowi
13 October 2023

Alamu,

Uthenga wanu woti mulibe kansalu kalikonse ndiponso kuti mwasintha tikiti achimwene anu anauwerenga. Sanayankhe chifukwa tinali kale pa mavuto.

Amayi atisiya Lachitatu masana. Ndinali nawo ine. Sanavutike, anangopuma kotsiriza ndikuwapukuta kumaso. Sananene kanthu, alamu, mawu anali atatha kale.

Taika dzulo. Ine ndinapempha kuti tidikire mufike Loweruka, koma malume anakana, anati aikidwe musanatere. Pamaliro mawu a mkamwana salemera.

Bwerani ndithu. Mukafikire kwa mnzanga wa pa okala, ine ndidzakuperekezani kumanda.

Sandra


Balbriggan
30 October 2023

Achimwene,

Ndafika bwino. Ndikukuuzani ngakhale simunafunse.

Masiku asanu ndinali pa Migowi. Zaka 12 ndakhala ndikulota tsiku lofika kwathu, ndipo ndinafika ngati wakuba, kugona kwa munthu wosamudziwa, kupita kumanda a mayi anga m'bandakucha kuti malume asandione. Azimayi amene anandiona ndikukula ankakokera ana awo kumbuyo ndikamadutsa. Ndinaima pa mpanda wanu kawiri. Kachiwiri ndinakuonani pa windo, ndipo inunso munandiona. Simunatuluke.

Munandiphonyetsa maliro a amayi mwadala. A bambo ndinaphonya chifukwa cha malamulo a eni dziko, ndipo ndinapirira. Awa ndiye mwandiphonyetsa inu, mwana wa mimba imodzi ndi ine. Sindikudziwa ngati ndidzakukhululukirani, ndipo kwa Bambo Norbert ndanena zomwezo mu kulapa.

Za chitenje ndabwereza mpaka kutopa: sindinatume munthu, sindinalandire kanthu. Bulangete lili m'kabati ndi bowo lake. Sindingathe kuliyang'ana.

Miyezi isanu munandimana mawu a amayi. Mukanandipatsa mphindi imodzi yokha pa foni. Tsopano wondiyankha palibe, ndiye ndikufunsa inu, poti munali nawo masiku onsewo. Amayi anapita akundiyesa mfiti? Musandinyengerere. Ku ntchito ndikumaima pakati pa kolido osadziwa chomwe ndimakatenga, funso lake lomweli.

Prudence


Balbriggan
18 November 2023

Achimwene,

Funso lija musavutike nalo.

Dzulo Bambo Norbert anabwera ku ntchito kwanga ndi envelopu. Wansembe mnzawo wafika nayo sabata ino kuchokera kwathu. Inasiyidwa ku ofesi ya parishi mu July kuti apatsidwe Bambo Norbert, koma iwo anali atanyamuka kale, ndiye wina anaiponya mu dilowa n'kuiiwala. Yakhala m'menemo miyezi inayi, pamalo poti inu mumadutsa pa njinga tsiku lililonse popita ku sukulu.

Mkati muli kansalu kobiriwira ndi kalata. Kansaluko munati ndibweze. Sindibweza. Kalatayo ndaikopera pansipa liwu ndi liwu. Muiwerenge, kenako mukawawerengere malume, poti njira ya kwawo mukuidziwa.

Prudence


Migowi
2 July 2023

Prudence mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi akazi a akatekisiti, ine ndikungonena, ndipo ndawauza kuti asakometse. Ndatsalira dala Misa itatha, kunyumba akudziwa kuti ndili ku mapemphero a kolona. Uli bwanji kumeneko? Ukudya?

Mchimwene wako wandiuza kuti ukufuna kutikhwimira. Ndinamusiya alankhule mpaka malovu aume. Sindinamuyankhe chifukwa ndikudya kwake, ndikugona kwake, ndipo munthu wopanda nyumba pakamwa pake pamachepa. Malume akowo ndi mlongo wanga, ndimamudziwa. Ali mnyamata ankathawa chitsa poyesa munthu. Dunstan si woipa, ndi wamantha, ndipo wamantha akakhala wophunzira amavuta kuposa mbuli. Usadane naye.

Iwenso ndakukwiyira. Mwana wa kuno ungalembe zotero pa pepala, kulembera mwamuna? Nkhani ya nsalu ndi ya azimayi. Ukanandinong'oneza ine, bwenzi pano nditadula malaya a aliyense m'nyumba muno iwo osadziwa. Kuyenda konseko nzeru osatolako.

Bulangete lija ine ndinkalidziwa chigamba chilichonse. Panali china cha malaya aamuna, bowo la batani likuoneka. China chinali chothimbirira mafuta ophikira, ndinachapa zaka zonsezi osachoka. Ndinkadziwa kuti ndi zovala zoti anthu anavalapo. Ndinkati ndikafunda n'kumaganiza kuti mayi ameneyu anatenga sizasi n'kudula malaya a mwamuna wake chifukwa cha ine, munthu woti sadzandiona. Zaka 32 tafunda thukuta la anthu amenewo. Ife sitinafe nalo, ndipo sindinamve kuti kwawoko anatha. Lero la mwana wanga ndiye ndiliope?

Kansaluka ndadula ndekha ndi lumo. N'ka chitenje chimene ndinathawa nacho madzi, chinthu changa chakale chomwe chatsala n'chomwechi. Chotsalacho ndachibisa kuti pasakhale phokoso. Ukaike pakati, osati m'mphepete mothaitha msanga.

Ndinakunyamula miyezi isanu ndi inayi, ndikudziwa chomwe ndinabereka. Wina asakuuze.

Usadikire kubwera nalo wekha. Ukangomaliza patsira aliyense wobwera kuno, akapereke m'manja mwanga, ndidzaona amene adzandilande. Limene anandigulira ku sitolo ndi lopyapyala, mphepo imangodutsa. Soka msanga, mwana wanga, kuno kukuzizira.

Mayi ako,
Magdalene